Zakudya Zotengera Kudya Pang'ono: Kodi Zingatalikitse Moyo?

Cholinga cha phunziro

Masiku ano pa WhatsApp ndi pa Facebook pakuyenda mauthenga onena kuti munthu akamadya pang'ono amakhala ndi moyo wautali. Ena akugulitsa ufa wa m'mabotolo ndi mapiritsi okwera mtengo, n'kumati zimapusitsa thupi kuti lizichita ngati mwiniwake akusala kudya, chonsecho akudya mpaka kukhuta. Alimi enafe tikhoza kutaya ndalama za fodya kapena za soya pogula zinthu zoterezi, ndipo ena akhoza kudzimana chakudya mpaka kudwala. Pakutha pa phunziroli, membala aliyense wa sukulu yathu adziwe kumene nkhaniyi idachokera, zimene zidatsimikizika ndi zimene zikadali zongoyesera, anthu amene sayenera kuchepetsa kudya, komanso mbewu za m'munda ndi za kudimba zimene zingathandize banja kukalamba ndi mphamvu.

Kumene nkhaniyi idachokera

Chakudya chilichonse chimapatsa thupi mphamvu, ndipo mphamvuzo amaziyeza m'makalori, monga momwe timayezera chimanga m'makilogalamu. Mafuta ophikira ndi shuga ali ndi makalori ambiri m'kachinthu kochepa, pomwe masamba ali ndi makalori ochepa ngakhale mutadzaza mbale.

M'chaka cha 1935, Clive McCay ndi anzake a pa yunivesite ya Cornell ku America adafalitsa zotsatira za kafukufuku wa makoswe. Makoswe amene ankapatsidwa chakudya chochepa, koma chokhala ndi mavitamini ndi michere yonse yofunika, adakhala moyo wautali kuposa amene ankadya mmene afunira. Kuchokera nthawi imeneyo, asayansi aona zofananazo pa mbewa, ntchentche za pa zipatso, tinyongolotsi ndi yisiti.

Kenaka adayesa pa anyani, chifukwa thupi lawo lili pafupi ndi la munthu. Kafukufuku mmodzi adayamba mu 1987 ku bungwe la National Institute on Aging, wina mu 1989 ku yunivesite ya Wisconsin. Konseku anyani ena adachotseredwa pafupifupi magawo 30 pa 100 alionse a chakudya chawo. Ku Wisconsin, anyani odya pang'ono adakhalitsa ndipo sadadwale kwambiri shuga, khansa ndi mtima. Ku National Institute on Aging, kusiyana kwa zaka za moyo sikudaoneke bwino. Atafananitsa, adapeza kuti chakudya cha ku Wisconsin chidali chosalala ndi cha shuga wambiri, ndipo anyani oyerekezera ankadya mopanda malire. Kwinako anyani onse ankadya chakudya chachilengedwe, cha shuga wochepa, komanso choyezedwa. Apa tikuphunzirapo kuti mtundu wa chakudya ndi wofunika monga kuchuluka kwake. Wodya zabwino pa muyeso sapindula zambiri podzimana.

Nanga pa anthu? Ku America kudachitika kafukufuku wotchedwa CALERIE wa anthu akuluakulu 218 osanenepa kwambiri, kwa zaka ziwiri. Gulu lina lidapemphedwa kuchepetsa makalori ndi magawo 25 pa 100, koma lidangokwanitsa pafupifupi 12. Ngakhale zidali choncho, kuthamanga kwa magazi kudatsika, mafuta oipa a m'magazi adachepa, ndipo thupi linkagwiritsa bwino ntchito shuga. Komabe anthuwo adatayako minofu ndipo mafupa adapepukako. Zaka ziwiri sizingatiuze ngati munthu afike zaka 90, choncho palibe amene watsimikiza kuti kudzimana kumatalikitsa moyo wa munthu monga kumachitira pa mbewa.

Zimene zimachitika m'thupi

Thupi lidapangidwa ndi tizigawo ting'onoting'ono totchedwa maselo. Chakudya chikamabwera chambiri nthawi zonse, maselo amatanganidwa ndi kukula ndi kusunga mafuta. Chikachepako, amatembenukira ku ntchito yokonza. Amasonkhanitsa zotha ntchito za mkati mwawo, kuziphwanya, n'kupangira zatsopano. Ntchito imeneyi imatchedwa autophagy, ndipo Yoshinori Ohsumi wa ku Japan adalandira mphoto ya Nobel mu 2016 chifukwa choifotokoza bwino.

Ife alimi tikuidziwa ntchito yotereyi. Feteleza akakwera mtengo, timatola mapesi, masangwe a mtedza ndi ndowe, n'kupanga manyowa. Zimene zikadakhala zinyalala zimabwerera m'nthaka ndipo munda umakhala waukhondo. Tikudziwanso kuti chimanga chothiridwa yureya wopyola muyeso chimabiriwira ndi kutalika msanga, koma phesi lake limafewa ndipo chimagwa ndi mphepo. Koma tisaiwale mbali inayo: chimanga chopanda chakudya n'komwe chimachita chikasu ndipo sichibereka. Thupi nalo lili pakati pa ngozi ziwirizi.

Popeza anthu ambiri sangathe kukhala ndi njala moyo wawo wonse, asayansi adayamba kufunafuna zinthu zimene zingadzutse ntchito yokonzayi munthu akudya mokwanira. Zimenezi ndizo akuti zotengera kudya pang'ono.

Zinthu zimene zimatchulidwa kawirikawiri

Choyamba ndi resveratrol, yemwe amapezeka m'makoko a mphesa, m'mabulosi, ndipo pang'ono mu mtedza. Adatchuka mu 2003 ataoneka kuti akutalikitsa moyo wa yisiti. Mu 2008 kampani ya GlaxoSmithKline idagula kampani yofufuza za chinthuchi, ya Sirtris, pa mtengo wa madola 720 miliyoni, koma mu 2013 idaitseka popanda mankhwala otalikitsa moyo. Mbewa zodya chakudya wamba zitapatsidwa resveratrol sizidakhalitse. Ndipo kuti munthu afike pa mlingo umene ankapatsa mbewa, angafunike matambula mazanamazana a vinyo pa tsiku. Choncho wonena kuti mowa umatalikitsa moyo akukunamizani.

Chachiwiri ndi spermidine. Ameneyu amapezeka m'kamtima ka njere za tirigu komwe kamamera, mu soya, nsawawa, bowa ndi mbewu zina za m'gulu la nyemba. Pa yisiti, ntchentche, tinyongolotsi ndi mbewa, waoneka kuti amadzutsa autophagy ndi kutalikitsa moyo. Pa anthu, amene amadya zakudya zokhala ndi spermidine wambiri amaoneka kuti amakhalitsa, koma anthu omwewo amadyanso bwino m'njira zina zambiri. Umboni woti mapiritsi ake amatalikitsa moyo wa munthu palibe.

Chachitatu ndi mankhwala a kuchipatala. Rapamycin adachokera ku tizilombo ta m'dothi la chilumba cha Rapa Nui, ndipo mu 2009 adaoneka kuti amatalikitsa moyo wa mbewa ngakhale zitayamba kumwa zitakula kale. Koma ntchito yake yeniyeni ndi kufooketsa chitetezo cha m'thupi mwa anthu amene aikidwa impso ya munthu wina. Kuno kwathu, kumene chifuwa chachikulu ndi matenda ena opatsirana ali ponseponse, kufooketsa chitetezo ndi kuputa tsoka. Metformin ndi mankhwala a matenda a shuga amene ena mwa ife amalandira kuchipatala. Akufufuzidwa ngati angachedwetse ukalamba, koma wopanda matendawa asamwe, ndipo wodwala asagawireko mnzake.

Chachinayi ndi kadyedwe kamene Valter Longo wa pa yunivesite ya Southern California adakonza: masiku asanu pa mwezi munthu amadya pang'ono zamasamba, msuzi ndi mtedza, masiku otsalawo n'kumadya monga mwa nthawi zonse. Pa kafukufuku wa anthu 100 wa mu 2017, thupi ndi kuthamanga kwa magazi zidatsikako. Anthuwo adali osankhidwa, oyang'aniridwa ndi madokotala, ndipo sadali kupalira kapena kubandira m'munda.

Chitsanzo cha ku Okinawa

Okinawa ndi zilumba za kummwera kwa Japan zimene zidatchuka ndi okalamba amphamvu. Anthu akale a kumeneko adali alimi ngati ife. Chakudya chawo chachikulu chidali mbatata, yomwe cha m'ma 1949 inkawapatsa kuposa theka la mphamvu za tsiku. Ankadyanso masamba ambiri, soya, ndi nsomba kapena nkhumba pang'ono. Adali ndi mwambo wotchedwa hara hachi bu, kutanthauza kusiya kudya mimba ikadzaza magawo asanu ndi atatu mwa khumi, osadikira mpaka kulephera kupuma.

Zakudya zokazinga, nyama za m'zitini ndi zakumwa zotsekemera zitafala, achinyamata a kumeneko adayamba kunenepa. Pofika 2000, amuna a ku Okinawa adali atatsika kufika pa nambala 26 mwa zigawo 47 za Japan pa kutalika kwa moyo. Dothi ndi mtundu wa anthu sizidasinthe, chidasintha ndi mbale. Mbatata, masamba ndi soya zimene zidawasunga makolo awo ndi zomwe tili nazo m'minda mwathumu.

Njala si mankhwala

Mfundo iyi tiigwiritsitse. Nyama zonse zimene zidakhalitsa pa kafukufuku zinkapatsidwa mavitamini, michere ndi zomanga thupi zokwanira, kungochotsa makalori owonjezera. Njala ya mu Januwale ndi Febuluwale si yotero. Banja lodya kamodzi pa tsiku, nsima ndi nkhwani zokha, likusowa zonse nthawi imodzi, ndiponso pa nyengo imene ntchito ya kumunda ndi malungo zili pachimake. Mwamuna wolima tsiku lonse angafunike makalori oposa 3,000.

Mu 1944 ndi 1945 ku Minnesota, Ancel Keys adayesa njala yeniyeni pa anyamata 36 odzipereka. M'miyezi isanu ndi umodzi adataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a kulemera kwawo, adafooka, ankamva kuzizira, ena adatupa miyendo, ndipo ambiri adavutika maganizo.

Kafukufuku wa zaumoyo wa dziko lonse wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'Malawi adali opinimbira. Kafukufuku yemweyo adapezanso kuti amayi pafupifupi mmodzi mwa asanu alionse adali onenepa kupyola muyeso. Wina wa mu 2009 adapeza kuti wamkulu mmodzi mwa atatu adali ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Choncho pakhomo limodzi pakhoza kukhala mwana wofunika kudya zambiri ndi agogo kapena bambo ofunika kuchepetsa mchere, shuga ndi mitanda.

Anthu awa asachepetse kudya kapena kusala chakudya pofuna moyo wautali: ana ndi achinyamata amene akukula, amayi oyembekezera ndi oyamwitsa, aliyense wowonda kapena amene wangochira kumene, odwala chifuwa chachikulu, amene akumwa ma ARV, ndi okalamba ofooka. Okalamba amafunika zomanga thupi zokwanira kuti minofu isathe, chifukwa nkhalamba yopanda minofu imagwa n'kuthyoka. Wodwala shuga amene akumwa mankhwala kapena kubaya jakisoni akadumpha chakudya akhoza kukomoka, choncho ayambe wafunsa kuchipatala.

Zimene tingachite ndi mbewu zathu

Njira yotsimikizika yotengera kudya pang'ono popanda njala ndi kudya zakudya zodzaza m'mimba, zogayika pang'onopang'ono, zokhala ndi michere yambiri. Zoterezi zimapangitsa shuga kulowa m'magazi mosathamanga, ndipo munthu amakhuta asadapyole muyeso. Kafukufuku wamkulu wa maiko 195 wofalitsidwa mu 2019 adapeza kuti zolakwika zitatu za kadyedwe zopha anthu ambiri ndi mchere wochuluka, kusadya mbewu zosakonola, ndi kusadya zipatso. Zonsezi tingazikonze mkati mwa magulu asanu ndi limodzi a zakudya amene timaphunzira kale.

Mgaiwa. Tikakonola chimanga n'kuviika mphale, khungu ndi kamtima ka njere zimapita m'madeya, ndipo m'menemo ndimo muli mafuta abwino, mavitamini ndi michere yambiri. Nkhumba ndi nkhuku zimadya gawo labwinolo, ife n'kutsala ndi ufa woyera. Mgaiwa umasunga zonsezi, umakhalitsa m'mimba, ndipo thumba limatuluka ufa wambiri. Ngati a pabanja sadauzolowere, yambani ndi phala la mmawa kapena kusakaniza theka ndi theka. Gayitsani pang'onopang'ono chifukwa mgaiwa sukhalitsa. Musadapite kuchigayo, sankhani ndi kutaya njere zonse zowola ndi zofumbwa, poti poizoni wa chuku amakhala kwambiri kukhungu. Mapira ndi mawere nazonso ndi mbewu zabwino zosakonola.

Za m'gulu la nyemba. Nyemba, nandolo, khobwe, nzama ndi soya ndi chakudya chimene chimapezeka pafupifupi kulikonse kumene anthu amakalamba bwino. Zimamanga thupi, zimakhutitsa, ndipo zimabwezera chonde m'nthaka tikamazilima mwakasinthasintha kapena mosakaniza ndi chimanga. Vuto lathu ndi kugulitsa zonse kwa mavenda pokolola, n'kumadya nsima ndi masamba okha kuyambira Okutobala. Patulani za pakhomo musadayambe kugulitsa. Soya azikazingidwa kapena kuwiritsidwa bwino asadagayidwe, chifukwa wosaphika amavuta kugaya m'mimba.

Mtedza. Nsinjiro m'ndiwo, chiponde, kapena mtedza wodzaza dzanja limodzi pa tsiku ndi mafuta abwino ku mtima. Koma mtedza wachuku uli ndi poizoni wotchedwa aflatoxin amene amayambitsa khansa ya chiwindi ndipo satha ndi moto. Umitsani bwino, musanyowetse makoko posenda, sungani pamalo ouma, ndipo wonyala ndi wowawa musasinjire ana kapena kupatsa ziweto.

Mbatata. Ya kholowa wofiira mkati monga Zondeni, Kadyaubwerere, Chipika ndi Kaphulira ili ndi vitamini A. Yophika kapena futali ndi kadzutsa wabwino kuposa mandasi ndi tiyi wa masupuni anayi a shuga. Masamba ake ndi ndiwo.

Masamba ndi zipatso. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limalangiza magalamu 400 pa tsiku, omwe ndi pafupifupi manja asanu odzaza. Bonongwe, chisoso, luni, nkhwani, chitambe, chigwada, mpiru ndi therere zonse zikuwerengedwa. Phikani kanthawi kochepa, ndi madzi ochepa, ndipo chepetsani soda chifukwa amaononga mavitamini ena. Chigwada chokha ndicho chiyenera kusinjidwa ndi kuphikidwa mpaka kupsa bwino. Futsani masamba nthawi ya dzinja ndi kuyanika pamthunzi kuti mfutso udzathandize m'chilimwe. Magwafa, mapapaya, mango, malambe, masawu, masuku ndi mabulosi si zakudya za ana okha. Bowa ndi wabwino, koma idyani yekhayo amene akuluakulu a m'dera lanu amamudziwa bwino, chifukwa wina amapha.

Zanyama. Langizo lakuti anthu achepetse nyama ndi la kumaiko kumene amaidya katatu pa tsiku. Ambiri mwa ife timadya yochepa kale. Usipa, matemba, mazira, mkaka ndi ngumbi zipitirire kupezeka, makamaka kwa ana, amayi oyembekezera ndi agogo.

Zoyenera kuchepetsa. Mchere usapose magalamu asanu pa munthu pa tsiku, omwe ndi supuni imodzi yaing'ono, kuphatikiza wa m'ndiwo ndi wa m'nsomba zouma. Chepetsani zakumwa za m'mabotolo zotsekemera, shuga wa mu thobwa ndi mu tiyi, komanso tchipisi ndi zina zokazingira m'mafuta obwerezabwereza. Kachasu ndi kusuta fodya zimadula moyo kuposa mmene chakudya chilichonse chingautalikitsire.

Kakonzedwe ka mbale. Kwa wamkulu wonenepa, kapena amene ntchito yake ndi yokhala pansi, ndiwo zichuluke ndipo nsima ichepe. Yambani ndi ndiwo, idyani mosafulumira, ndipo siyani pamene njala yatha koma mimba isadalemere. Muyeso utsate ntchito: mitanda ya nthawi yopalira isafanane ndi ya nthawi imene takolola ndipo tikungokhala pakhonde.

Zochita pa sukulu yathu

Monga mwa chizolowezi chathu, tisangomva, tiyese ndi kuona tokha.

1. Membala aliyense ajambule mabokosi asanu ndi limodzi a magulu a zakudya pa pepala. Kwa masiku asanu ndi awiri, madzulo alionse aike chizindikiro pa gulu limene banja ladya. Pa mkumano wotsatira tidzaone gulu limene likusowa kwambiri m'mudzi mwathu, ndi chifukwa chake.

2. Tiyeze ndowa ziwiri zofanana za chimanga. Imodzi tigayitse mgaiwa, inayo tikonole ndi kuviika. Tidzayeze ufa wotuluka ndi kuwerengera ndalama za kuchigayo.

3. Pa munda wophunzirira tipatule mizere ya nandolo, khobwe ndi mbatata yofiira, ndi bedi la masamba achikuda kudimba, kuti mbewu yake tidzagawane.

4. Banja lililonse liyeze mchere wa tsiku limodzi ndi supuni yaing'ono malinga ndi chiwerengero cha anthu, n'kuona ngati ukufika madzulo.

5. Komiti ipemphe alangizi a zaumoyo a m'dera lathu kuti atithandize kuyezetsa kuthamanga kwa magazi, chifukwa vutoli nthawi zambiri silimveka kupweteka mpaka munthu atafa ziwalo.

Mafunso okambirana m'magulu

Kodi njala imasiyana bwanji ndi kudya pa muyeso? Ndani pakhomo panu amene ayenera kuwonjezera chakudya, ndipo ndani ayenera kuchepetsa? Pogawa ndiwo, ndani amalandira gawo lalikulu, ndipo n'koyenera kutero? Chimaletsa mabanja kudya mgaiwa n'chiyani? Munthu atabwera ndi botolo la mankhwala otalikitsa moyo, mungamufunse mafunso otani musadatulutse ndalama? Mtengo wa botololo ungagule makilogalamu angati a mbewu ya nyemba kapena soya?

Gulu lililonse lisankhe mlembi ndipo lidzafotokoze zimene lagwirizana pa mkumano wa sabata yamawa. Bwerani ndi mapepala anu a magulu a zakudya.